Wapampando wa Gulu la Mwendo

Aliyense amene anametetsapo kwa Amwendo amadziwa kuti kumeneko supita uli pachangu. Ukhala pampando, akukulunga nsalu m'khosi, mashini ayamba kulira bwinobwino. Koma akangofika pakati pa mutu, pamene sungathenso kuthawa chifukwa mbali ina yayera ina ikadali thengo, amazimitsa mashiniwo. Kenako amakweza phazi lamanzere, kuliika pa kampando, n'kupinda thalauza mpaka m'bondo.

"Mukuchiona ichi?"

Ungachione bwanji osachiona? Chipsera chake n'chachitali, chochokera pa akakolo mpaka m'bondo, chooneka ngati zipi ya chikwama. Ena anachiona kakhumi, ena akhoza kuchijambula ali chitsinzinire, koma palibe amene amayankha kuti ndinachiona kale. Munthu amene wagwira mutu wako sumuyankha mwano.

Dzina lakuti Amwendo linabwera ndi chipseracho. Kale anthu ankangoti Ometa. Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata pakhonde la sitolo ya utoto, ndi mpando umodzi ndi galasi long'aluka limene linkaonetsa munthu makutu atatu. Patapita zaka anapeza kachipinda pakati pa telala ndi wokonza mawailesi, ndipo ndi momwe ali mpaka lero. Pakhoma pali chithunzi chosuluka cha masitayilo osiyanasiyana. Wobwera aliyense amaloza imene akufuna, Ometa amagwedeza mutu kuti amva, ndipo aliyense amatuluka ndi sitayilo imodzi yomweyo.

Ndi munthu wabwino, ndisawanamizire. Ana olira amawanyengerera, okalamba amawameta ndi tsitsi la m'makutu lomwe osanyansidwa. Koma moyo wawo wonse anali ndi munga umodzi wowalasa, ndipo mungawo unali alamu awo.

Alamuwo anali dalaivala wa basi ya maulendo ataliatali, wamtali, wofatsa, amene anakwatira mlongo wawo wamng'ono wa Ometa. Sanawalakwirepo kanthu, ndipo chimene chinkapweteka kwambiri n'chimenecho. Ankangokhala patsogolo pa chilichonse. Kukwatira anayamba ndi iwo. Mwana woyamba, iwo. Wailesi yakanema, iwo. Firiji, iwo. Ometa akangoganiza zogula njinga, ankamva belu panja, alamu afika pa njinga yatsopano kudzawapatsa moni. Choipitsitsa chinali dazi. Tsitsi la alamu linathothoka lonse akadali anyamata, mutu n'kutsala see ngati dzira, ndevu ankameta okha, moti zaka zonsezo sanakhalepo pampando wa Ometa ngakhale tsiku limodzi.

"Munthu wanji ameneyu?" ankatero Ometa kwa akazi awo. "Kukwatira mlongo wa wometa, kenako n'kuthothola tsitsi!"

"Anachita dala, eti?" ankayankha mayiwo.

"Mukuganiza kuti ayi?"

Onse awiri atakula, ndevu zitayamba imvi, alamu anayamba kumva chifuwa kuthina akamakwera masitepe. Kuchipatala chachikulu anawapeza ndi matenda a mtima ndipo anawachita opaleshoni. Ometa anapita kukawazonda ndi malalanje, nkhope ili yachisoni monga kuyenera, koma pobwerera ankaimba mluzu. Osati kuti ankawafunira zoipa, ayi. Kungoti kwa nthawi yoyamba iwo anali chilili, alamu ali gone.

Chaona mnzako chapita. Sipanapite miyezi yambiri, tsiku lina akumeta mphunzitsi wina, Ometa anamva ngati munthu wonenepa wawakhalira pachifuwa. Thukuta kamukamu, mashini pansi. Telala ndi amene anawathamangitsira kuchipatala, ndipo mphunzitsi uja anakaphunzitsa ndi theka la mutu.

Dokotala anawafotokozera mofatsa. Anati mtima nawo umadya, ndipo uli ndi timitsempha take timene timaubweretsera magazi. Timitsempha ta Ometa tinali titatsekeka ndi mafuta. Chofunika chinali kutenga mitsempha yabwino pena m'thupi lawo lomwelo n'kuisokerera pamtima, kuti magazi apeze njira yolambalala potsekekapo.

"Ngati zimene anawachita alamu anu zija," anatero akazi awo ali m'mbali mwa bedi. Kenako anapukusa mutu. "Koma abambo inu, ngakhale matenda mpaka kutsanzira?"

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera namwino wina wamfupi, wa magalasi, atapachika wotchi yoyezera nthawi m'khosi. Odwala onse ankawatchula Mayi Wotchi. Mayiwo anati iwo ndi a kafukufuku. Mtsempha woyamba madokotala amautenga m'chifuwa momwemo, koma wachiwiri ena amautenga kumwendo, ena kumkono, ndipo ankafuna kudziwa kuti wokhalitsa ndi uti. Wofuna kulowa nawo azibwera kudzayezedwa kwa zaka zambiri. Wosafuna palibe mlandu, athandizidwa chimodzimodzi.

Ometa anamvetsera zonse n'kufunsa funso limodzi lokha. "Alamu anga munawachotsa pati?"

"Za odwala ena sitinena, bambo."

Panalibe chifukwa chonenera. Ometa anali ataona kale bandeji pamkono wa alamu tsiku la malalanje lija.

"Ine mundichotse kumwendo."

"Simusankha ndinu. Ngakhale ine sindisankha. Imasankha ndi kompyuta, mwamwayi, ngati kuponya ndalama m'mwamba."

Ometa anasaina, kenako anapempha kuti akalankhule nayo kompyutayo pambali. Anawakaniza. Komabe m'mawa mwake Mayi Wotchi anabwera n'kunena kuti yasankha mwendo. Munthu wopita kukang'ambidwa chifuwa sanasangalalepo chotero. Powakankha pa kabedi ka matayala ankabayibitsa anthu m'njira ngati akupita kukalandira mendulo.

Opaleshoni inayenda bwino. Anachira, anabwerera ku mashini awo, ndipo ndi pamene thalauza linayamba kupindidwa. Koma misala yeniyeni inayamba pa tsiku loyamba lokayezedwa.

Odwala a kafukufuku ankadikira m'chipinda cha mabenchi awiri oyang'anizana, chonunkha mankhwala okolopera, chokhala ndi chithunzi cha mtima waukulu pakhoma ndi sikelo pakona. Amwendo atalowa anaona alamu ali phee pa benchi ya kumanja, mkono wa malaya utapindidwa. Anayang'anayang'ana, n'kuimirira pakati.

"Pepani nonse. Amene anachotsedwa kumwendo, imikani manja."

Anthu anaimika, poganiza kuti ndi wa pachipatalapo.

"Bwerani mukhale uku. Enanu khalani komweko."

Basi, kuyambira tsiku limenelo kunali benchi ya mwendo ndi benchi ya mkono. Amwendo anadzisankha okha kukhala wapampando, ndipo popeza palibe amene ankadziwa kuti pali mpando, palibe anatsutsa. Analamula kuti a mwendo onse azibwera atapinda thalauza. Anakonza mfuu yakuti "Mwendo sugwa!" imene nkhalamba zinkaifuula motsitsa mawu poopa anamwino. A mkono poyamba ankangoseka, koma munthu ndi munthu, nawonso anayamba kupinda malaya n'kumakhala mikono ili pamtunda. Alamu awo anangopezeka akutchedwa Amkono, iwo osapempha.

Pa zoyeza zonse, chimene Amwendo ankachiona ngati mpikisano weniweni chinali kuyenda m'kolido. Mayi Wotchi ankaika mipando iwiri, wina uku wina uko, ndipo wodwala ankayenda yekha kupita ndi kubwerera kwa mphindi zingapo, iwo akuwerenga. Enawo ankasuzumira pakhomo. Amwendo ankayenda ngati aiwala mphika pamoto, zigongono zikupalasa mphepo, pokhota pampando nsapato zikulira. Ankaposa a benchi yawo onse ndi a benchi inayo onse, kupatula munthu mmodzi. Amkono ankangoponya miyendo yawo yaitali ija mosathamanga, dazi likung'anima ndi magetsi a kudenga, n'kuwaposa pang'ono pokha. Pang'ono pokha, abale, nthawi zonse! Akamaliza ankamwetulira, n'kunena kuti akupita kuchimbudzi.

"Izi n'zokondera," Amwendo anakadandaula kwa Mayi Wotchi. "Ife munatidula miyendo, kenako mukutiyesa ndi miyendo yomweyo. Iwo miyendo yawo ndi yathunthu. Bwanji tsiku lina tiyende ndi manja, tione?"

"Bambo, si mpikisano."

"Nanga wotchiyo ndi ya chiyani?"

Kunyumba anasanduka munthu wovuta kusunga. Fodya anasiya, mchere anasiya, mafuta akangowaona pamsuzi ankabweza mbale. Ankadya masamba owiritsa misozi ili m'maso, akuyang'ana nyama ya akazi awo ngati mwana wamasiye. Mapilitsi ankamwa pa nthawi yake, ndipo m'mawa uliwonse ankazungulira bwalo la mpira la pasukulu asanatsegule kometera. Mpaka apa dokotala aliyense akanawaombera m'manja. Koma ataona kuti zonsezi sizikukwanira kuposa alamu, Satana anawanong'oneza nzeru ina.

Loweruka lina anapita kwa wogulitsa nyama n'kusankha yankhumba yonona, ija mafuta ake amachita kunjenjemera. Anaikulunga bwino n'kupita nayo kwa mlongo wawo.

"Ya alamu iyi. Munthu wodwala amafunika mphamvu."

Mlongo wawoyo anayang'ana nyamayo, n'kuyang'ana mchimwene wake, n'kuyang'ananso nyamayo. "Zikomo, achimwene," anatero.

Loweruka lotsatira anapititsa masoseji. Linalo batala. Pa tsiku lobadwa la alamu anapititsa keke ya kirimu yaikulu ngati chiwongolero cha basi. Chinasanduka chizolowezi, Loweruka lililonse phukusi, ndipo ankangolisiya pageti chifukwa galu wa pakhomopo, kagalu kowonda kamwano, kankadana nawo kuyambira kalekale.

"Abambo, Mulungu akukuonani," anatero akazi awo.

"Akuona munthu wopatsa."

"Inu ndi wopatsa? Ine munandigulirapo keke liti?"

"Inu si a mkono."

Tsiku lina atayezedwa magazi, Amwendo anatsalira m'kachipinda ka Mayi Wotchi akuvala nsapato mochedwa dala. Ankafuna kudziwa tsiku limene gulu lopambana lidzalandire chikho.

"Mayi, tandiuzani chilungamo. Wopambana mudzamudziwa bwanji? Ndi kolido ija?"

Mayi Wotchi anavula magalasi n'kuwapukuta. Anali atatopa nawo munthuyu, koma ankawakonda. "Kolido ndi kachinthu kakang'ono, bambo. Chachikulu tidzaona pakapita zaka. Tidzawerenga kuti m'gulu lililonse ndi angati amene mtsempha wawo watsekekanso, angati abwereranso kudzagonekedwa, angati atisiya. Gulu limene zoterezi zachepa, ndiye kuti njira yake ndi yabwino, ndipo odwala am'tsogolo adzathandizidwa ndi imeneyo."

Amwendo anasiya chingwe cha nsapato. "Ndiye kuti wa mkono akamwalira, ife tagoletsa?"

"Iii, bambo! Pakamwa panupo! Anthu sanena choncho."

"Koma ndi choncho?"

"Ife timafuna nonse mukhale ndi moyo. Valani nsapato, panja pali anzanu."

Anatuluka akuyesa kuimba mluzu, koma milomo inauma. Pa benchi ya kumanja alamu anali akusenda nthochi, ndipo anawapatsako theka. Amwendo analandira, n'kuidya osamva kukoma. Loweruka limenelo sanapite kwa wogulitsa nyama. Sanapitenso kwa mlongo wawo, Loweruka limenelo ngakhale otsatirawo, chifukwa manyazi anawagwira ndipo sankadziwa kuti akafika chimanjamanja akanena chiyani.

Tsiku loyezedwa lotsatira litafika, malo a Amkono pa benchi anali opanda munthu.

"Achedwa," anatero Amwendo. Dalaivala ameneyo sanachedwepo chibadwire. Anthu anaitanidwa mmodzimmodzi, benchi ya mkono inatha, osaoneka. Itafika nthawi yawo ya kolido, Amwendo anayamba ndi liwiro monga mwa masiku onse, koma pobwerera ulendo wachiwiri anayang'ana pakhomo pamene dazi lija linkaonekera, palibe. Miyendo inalemera. Anamaliza akukoka mapazi ngati munthu wobwera kumaliro.

"Mwatani lero?" anafunsa Mayi Wotchi. "Chifuwa?"

"Alamu anga ali kuti?"

"Mukudziwa kuti za ena sindinena. Koma inu ndi achibale, ndipo njira ya kwawo mukuidziwa."

Sanapite n'kunyumba komwe. Mumsewu monse ankawerenga m'mutu masoseji onse, batala yense, keke ija. Ndapha munthu ine, ankadziuza. Ndapha bambo wa ana a mlongo wanga ndi nkhumba. Pageti anaima kudikira kuti galu awauwe monga mwa nthawi zonse. Kunali zii. Kenako kuseri kwa nyumba kunatulukira chinthu chozungulira ngati mgolo, chikuyenda mopendama, chikupuma wefuwefu. Chitafika chinadzigwetsa pamapazi awo n'kuyamba kunyambita nsapato, chikuwayang'ana ndi chikondi chimene Amwendo sanachionepo ngakhale kwa akazi awo.

"Ameneyo ndiye mlamu wanu wa Loweruka," anatero mlongo wawo ali pakhomo, manja m'chiuno. "Mumayesa ndine chitsiru, achimwene? Mwamuna wanga wong'ambidwa chifuwa ndingamupatse zimene zija? Zonse anadya ndi uyu. Keke yokha tinagawira ana a oyandikana nawo."

Amwendo anapuma mpweya waukulu. Koma nkhope ya mlongo wawo sinaseke. Anawauza kuti kampani ya mabasi inawapumitsa ntchito alamu chifukwa cha mtimawo, n'kuwapatsa wotchi ya pakhoma yotsanzikira. Kuyambira tsiku limenelo munthu anangolowa m'chipinda n'kugona. Kuyenda anasiya, mapilitsi akukana, kuchipatala akuti apitirenji. "Ndalankhula mpaka malovu auma. Ana aimba mafoni, sakuyankha. Lowani mukayese inu, mwina mwano wanu ungagwire ntchito kamodzi."

M'chipindamo makatani anali otseka dzuwa likuswa mtengo panja. Wotchi ya kampani ija inali pakhoma ikugunda. Pa kampando panali mapilitsi osatsegula ndi kapu ya tiyi wozizira. Alamu anali gone chagada, ataonda, ndipo nkhope yonse inali itamera ndevu zoyera zosokonekera, zimene Amwendo sanaziganizirepo kuti munthu wa dazi angakhale nazo zochuluka chotero.

"Alamu, dzukani."

Amkono anatsegula diso limodzi. "Mwabwera kudzaona chigoli chanu?"

Amwendo kukamwa yasa. "Mukudziwa za zimenezo?"

"Mayi Wotchi anatifotokozera tonse, aliyense pa tsiku lake losaina. Inu nokha ndi amene munachedwa kumva."

Ngakhale pamenepa anali atayamba ndi iwo! Tsiku lina Amwendo akanapsa mtima, koma lero anangokhala pansi m'mphepete mwa bedi.

"Tengani chikho chanu, alamu," anapitiriza Amkono mawu ali otsika. "Ine ndatopa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuthamanga, inu muli pambuyo mukundipumira m'khosi."

"Inu? Kuthamanga?"

"Mukuganiza kuti wailesi yakanema ija ndinkaifuna? Ine wokhala pamsewu sabata yonse, ndikanaionera nthawi yanji? Mlongo wanu anangoti achimwene akuisuzumira pawindo la sitolo, ine m'mawa mwake ndinali pakhomo la sitoloyo isanatsegulidwe. Njinga ija sindinkadziwa n'kupalasa komwe. Ndinaikankha njira yonse, ndinakwera pafupi ndi geti lanu."

"Bodza!"

"Tsiku limene ndinabwera kudzaonekera kwanu munandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kufunsa mlongo wanu kuti kodi amuna anatha. Ndinalumbira kuti munthu uyu sadzandipeza kumbuyo. M'kolido muja, ndikamati ndikupita kuchimbudzi, mumayesa kukatani? Ndinkakakhala pansi, msana kukhoma, m'maso muli mdima. Mumayenda ngati wamisala, alamu. Munatsala pang'ono kundipha ngakhale popanda nkhumba ija."

Amwendo anawayang'anitsitsa alamu awo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti akuthamangitsa munthu amene sakuwaona n'komwe, munthu wongodutsa ndi mwayi wake. Kani munthuyo ankacheuka pa ngodya iliyonse! Anamva kukoma kumene sanakumvepo, ndipo pomwepo anamva mantha aakulu, chifukwa munthu yekhayo padziko amene ankawawerengera chotero anali gone apa akudikira kufa.

"Nanga dazi?" anafunsa.

"Dazi ndi la Mulungu."

"Chabwino, limenelo ndakukhululukirani." Anaimirira n'kukoka makatani mwamphamvu mpaka ndodo yake inagwa. "Tsono mvetserani. Mukafa, ine ndizithamangitsa ndani? Galu uja? Iye amafika pageti ali wefuwefu. Chikho cholandira pamaliro ine sindichifuna. Ndikufuna ndikuposeni muli maso, mukuona, mukumva kuwawa. Musachoke, ndikubwera."

"Ndipita kuti?"

Amwendo anabwerera ndi kachikwama kawo ka lumo, burashi, sopo ndi thaulo. Mlongo wawo anabweretsa madzi otentha ndi mpando wa patebulo. Awiriwo anawadzutsa Amkono mokakamiza, akudandaula ngati mwana wokana kusamba, n'kuwakhazika pafupi ndi windo. Amwendo anawakulunga nsalu m'khosi n'kumanga mfundo. Munthu uyu anali atakhala pampando wawo tsopano.

"Musagwedezeke," anatero akupaka thovu. "Lumo lili pakhosi, ndipo ndine wa gulu lina."

Atafika pakati, tsaya lina layera lina likadali thengo, anaima. Sanapinde thalauza. Anatenga mapilitsi aja ndi kapu ya madzi.

"Imwani. Mukakana ndikusiyani chonchi, ndipo ndiitana anthu adzakuoneni."

Amkono anamwa.

Kuyambira m'mawa wotsatira, anthu a mumsewu umenewo anayamba kuona zachilendo: nkhalamba yaifupi yopinda thalauza mwendo umodzi ikukoka nkhalamba yaitali ya dazi, kumbuyo kwawo galu wonenepa akutsatira akulira. Tsiku loyamba anafika pa mtengo wa magetsi woyamba, onse atatu n'kukhala pansi. Kenako anayamba kufika pa sitolo ya utoto, kenako pa bwalo la mpira. Njira yonse ankakangana. Amwendo anawaperekezanso alamuwo kwa dokotala, amene anawayeza n'kunena kuti mtsempha wa mkono uja ukadali wotseguka, koma thupi lafooka ndipo kubwerera mwakale kutenga nthawi. Kometera kunkatsegulidwa mochedwa, makasitomala akudandaula, koma Lachisanu lililonse mpando unali wa alamu ndi ndevu zawo.

Nkhani inafika ku benchi ya mwendo. Pa tsiku loyezedwa lotsatira, mayi wina wogulitsa nsapato, amene ankausirira mpandowo kuyambira kale, anaimirira n'kunena kuti wapampando wagulitsa gulu, akuphunzitsa adani. Anavota poimika miyendo. Amwendo anachotsedwa, ndipo popeza a mkono nawo sanawafune, anakhala pa sikelo pakona.

Amkono ndiwo anayamba kuitanidwa kukolido. Anayenda pang'onopang'ono, miyendo yaitali ija ikukayika, dzanja likufuna khoma. Pakati anaima kuti apume. Pakhomo panamveka chimawu.

"Yendani, alamu! Ponyani mwendo! Mukuchititsa manyazi banja!"

"Bambo, kuchemerera n'koletsedwa," anatero Mayi Wotchi.

"Sindikuchemerera, ndikunyoza."

Amkono anamaliza, n'kukhala pa mpando womwewo wa m'kolido, osanamiziranso chimbudzi. Itafika nthawi ya Amwendo, anaganiza zoyenda mozengereza dala, koma alamu anawaloza chala ali wefuwefu. "Mukandimvera chisoni, ndikagonanso." Ndiye anayenda moona mtima, zigongono zikupalasa, nsapato zikulira pokhota. Panalibe chofunsa kwa Mayi Wotchi. Aliyense amene anali pakhomo anaona kuti awaposa alamu kutalitali.

Benchi ya mwendo inaiwala kuti inawachotsa, inayamba kufuula kuti mwendo sugwa. Amkono anaimirira movutikira, n'kutambasula mkono wa chipsera uja.

"Mwapambana, alamu. Ulendo uno mwayamba ndinu."

Chinthu chimene Amwendo anachidikira kuyambira tsitsi lawo lili lakuda chinali m'manja mwawo. Amwendo anayang'ana dzanjalo, loonda, mitsempha ili poyera, ndipo misozi inangoyamba yokha, pamaso pa anthu onse, thalauza lili chipindire.

"Sindikuvomera," anatero akupukuta mphuno. "Munthu munali kudwala, zimenezi sizowerengedwa. Mayi, fufutani."

"Sindifufuta kanthu ine," anatero Mayi Wotchi.

"Ndiye tidzabwereza ulendo wamawa. Ndi winawo. Mpaka zaka zawo zonse za anthu awa zithe, adzatiuze tonse awiri tili pompano." Anagwira dzanja lija ndi manja onse awiri osalisiya. "Mwamva, alamu? Mudzabwere."

"Ndidzayamba kufika ndine," anatero Amkono.